Anandifunsa Ngati Ndimamvera Mau

Zimitsani mafoni aja, ana inu. Enala, iwenso, ndakuona wabisa yako pansi pa ntchafu. Sendererani kuno kumthunzi.

M'mawa uja mukutsuka mbale kuseri ndinakumvani. Mumayesa kuti khutu la nkhalamba linafa, koma limangofa mukayamba kuliza nyimbo zanu zija. Mwapangana kuti mawa mum'namize mkulu wanu Dalitso kuti mukupita naye m'tauni kukagula nsapato, kenako mukam'fikitse kuchipatala. Mwapangananso kuti kumeneko mukam'lankhulire ndinu, iye akangokhala chete, angakuchititseni manyazi. Sindikukalipirani ayi. Mnyamatayo akudwaladi. Wasiya kukoleji, sakudya, satuluka m'chipinda, ndipo kuchipatala ayenera kupita. Koma pali nkhani imene ndaisunga m'kamwa ngati mwala zaka zonsezi, ngakhale atate anu saidziwa. Lero ndiilavula. Musandiyang'ane kumaso kwambiri pamene ndikuinena.

Ine ndinafika m'tauni muno ufulu utangobwera kumene, anthu asanazolowere n'komwe dzina lake latsopano loti Kabwe. Ndinachoka ku Petauke ndi bulangete limodzi ndi nsawawa zokazinga m'thumba, basi n'kutigwedeza mpaka ku Lusaka, kenako sitima. Inu mukakwera minibasi kuchokera kuno ku Ngungu kupita m'tauni mumafika mukudandaula msana. Ife tinkatsika sitima nkhope zili bii ndi utsi wa malasha, tikusekerera. Mkulu wanga Simoni anali kale pamgodi, ndipo ndiye anandipezera ntchito ya pansi ndi nyumba kukomboni ya mgodi ku Kasanda. Ndinabwerera kumudzi kukatenga agogo anu aakazi, a Agatha, Mulungu awapumitse. Katundu wathu anali mbaula, nsimbi ya makala, mphika umodzi wachitsulo ndi njinga yopanda mabuleki imene ndinkaimitsa ndi chidendene.

Kutchalitchi ndinali wowerenga. Sukulu sindinapite nayo patali, koma lilime linali lomasuka, ndipo pa Sondo ndinkaima kutsogolo nditavala jekete losita bwino n'kuwerengera mpingo Malembo. Ife sitinkati Baibulo kawirikawiri. Tinkangoti Mau. Tiyeni timve Mau. Lero Mau akuti chiyani? Munthu wabwino tinkati ndi womvera Mau. Musunge zimenezi.

Mwana wathu woyamba anali Luka. Inu simum'dziwa, ndipo chithunzi chake palibe. Ana a ku Kasanda ankasewera pamilu ya dothi la mgodi, akabwera kunyumba ali mbuu ngati agwera mu ufa. Chaka china, nyengo ya fumbi ndi mphepo, Luka anayamba kukomoka, thupi lonse likunjenjemera, maso atatembenuka. Masiku ano amati dothi lija lili ndi mtovu. Kaya ndi umene unam'tenga, ine sindidziwa. Ndimangodziwa kuti tinam'yika m'manda mvula isanagwe.

Pamaliro sindinalire. Anthu anati, taonani chikhulupiriro cha a Njobvu. Koma maliro atatha, china chake chinazima m'kati mwanga. Tulo tinathawa. Nshima inkakoma ngati dothi. Ndinayamba kujomba kuntchito, n'kumangokhala pakhonde kuyang'ana khoma, osayankha ngakhale moni. Ndikamuona Dalitso lero ndimaona khonde lija. Ndinali kudwala, ana inu, zimenezo sindikana.

Simoni anabwera tsiku lina m'mawa nati, "Vala, tipite ku ofesi ya mgodi, akufuna." Ndinavala jekete langa la pa Sondo. Tinakathera pachipatala china cha m'tauni muno, dzina lake tilisiye. A Agatha anauzidwa kudikira pabenchi panja. Simoni analowa nane, n'kufotokoza zonse m'Chingerezi chake cha pamgodi, ine nditakhala pomwepo ngati thumba la makala limene akukambirana mtengo wake. Atatha anayang'ana dzuwa pazenera n'kuthamangira kushifiti.

Dokotayo anali wochokera kunja kwa dziko, munthu wa maso otopa. Panja mzere unali wautali, ndipo iye anali yekha. Womasulira anali mnyamata wa yunifolomu yoyera, Mbemba, wolankhula Chinyanja cha m'tauni ngati chanuchi. Inu mukamati "namvela" mumatanthauza kuti mwamva ndi khutu. Kwathu kumudzi kumva ndi kwina, kumvera ndi kwina. Kumvera n'kuchita zimene wamkulu wakuuza.

Dokota analankhula, womasulira n'kutembenukira kwa ine.

"Mudala, ba dokota bafunsa ati, mumamvelako mau?"

Kwa nthawi yaitali palibe anali atandifunsa kanthu kondikhudza. Ndinaganiza kuti dokotayu ndi Mkhristu, akufuna kudziwa ngati chisoni chandichotsa pa njira. Ndinawongola msana.

"Ndimamvera," ndinatero. "Ndine wofooka, koma ndimayesetsa."

Dokota ndi womasulira anayang'anana.

"Yamabwela nthawi bwanji, mau?"

"M'mawa ndi madzulo. Pa Sondo ndiye ndimawanena mokweza kuti anthu onse amve."

"Yamakuuzani vochita?"

"Kwambiri. Ndipo zimene andiuza ndimachita, ngakhale zikhale zowawa."

"Manje apa yakuuzani chani?"

Masiku amenewo ndinkasinkhasinkha chiphunzitso chija chakuti munthu asaumirire moyo wake wa pansi pano. Ndiye ndinayankha kuti, "Akundiuza kuti ndisakakamire moyo wanga."

Womasulira anaimba kamluzu pang'ono. Dokota anaimirira. Ine ndinali wokondwa, ana inu. Ndinkayesa kuti ndachitira umboni.

Musaseke. Chabwino, sekani, nanenso pena ndimaseka ndikakhala ndekha. Koma dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditabayidwa jakisoni, ndipo ndinadzuka m'wodi ya kuseri, ya mawindo a waya. Jekete panalibe. Korona wanga anachotsa, zingwe za nsapato anachotsa, lamba anachotsa, poopa kuti ndingadzimangirire. Mutu anali atandimeta mpala. Anandiveka buluku la munthu wina wonenepa kuposa ine, loti ndikasiya kuligwira linkatsika lokha.

Palibe anandiuza chifukwa chake. Palibe anandiuza dzina la matenda anga, kapena la mapiritsi amene ndinkameza m'mawa ndi madzulo. Ndinafunsapo kamodzi. Wogawa mankhwala anati, "Imwani chabe, mudala, simuli mu koti muno." Ndipo kumbukirani nyengo yake. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene ngakhale pamsika anyamata ankakuimitsa kufuna khadi la chipani, iwe n'kuonetsa osafunsa kuti ndinu yani. Tinkaima pamzere wa ufa ndi saladi, mafuta ophikira aja, kuyambira mbandakucha, wina akatidumpha tinkangotsokomola. Ngati munthu wa mutu wabwino sankafunsa, nanga wa m'wodi ya kuseri?

Mankhwala aja anali a matenda ena, osati anga. Khosi linauma, lilime linalemera ngati chiwindi cha ng'ombe, mate ankangotuluka, miyendo ndinkaikoka pansi. Tsopano ndinkaonekadi ngati amene iwo ankayesa kuti ndili. Ndikagwada kupemphera, ankati, "Bayamba kukamba na banzao." Ndikapempha kuti andibweretsere Mau anga, kutanthauza buku, ankagwedeza mitu. Ndikakhala chete ankati ndikumvetsera. Chilichonse chimene ndinkachita chinali umboni wonditsutsa.

Bedi loyandikana nane linali la bambo wina wa kunjanji, amene akakwiya ankam'manga ndi nsalu za pabedi. Onse ankangomutcha Shanta, poti ankagwira ntchito yolumikiza mabogi. Dzina lake lenileni ndinalimva mochedwa, ndipo anachita kundinong'oneza ngati waba. Ndinkagona chagada n'kumakumbukira munthu uja wa m'Malembo wokhala kumanda, amene anthu ankam'manga ndi unyolo. Ambuye atakumana naye, anayamba ndi funso, kufuna dzina. Ndinkakumbukiranso wakhungu uja wa m'mbali mwa msewu. Aliyense ankaona kuti vuto lake ndi maso, komabe Ambuye anam'funsa kaye chimene akufuna. Wolenga kamwa mwiniwake anadikira kuti kamwalo liyankhe. Ife anthu ndiye timafulumira.

Amayi a kumphakati kwathu anabwera tsiku lina kudzaimba kunja kwa waya. Ndinabisala kuseri kwa chitseko mpaka atapita. Ndimati manyazi afika pothera. Sindinkadziwa kuti aakulu ali m'njira, akwera basi ku Petauke.

Apa ndiyenera kukufotokozerani za apongozi, chifukwa inu a masiku ano mumakhala pa sofa imodzi ndi apongozi anu kulimbirana rimoti. Ine amayi ake a Agatha ndinali ndisanawayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire n'kugwada, nkhope kumbali. Sitinkadyera pamodzi. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana, mwanayo n'kuuza ine, ngakhale tili pabwalo limodzi. Ulemu wake unali umenewo, ndipo ine ndinkanyadira kuti palibe mkamwini wodziwa mwambo kuposa ine.

Tsiku loona odwala anandiitana. "Ba Njobvu, pukutani mate, kwabwela balendo." Ndinatuluka ndikukoka mapazi, dzanja limodzi litagwira buluku. Pansi pa mtengo panali a Agatha. Pambali pawo panakhala apongozi.

Thupi limakumbukira mwambo ngakhale mutu utasokonezeka. Ndisanaganize n'komwe, ndinayamba kutsika kuti ndigwade, ndipo manja anapita okha kukaomba m'manja. Kuomba m'manja kumafuna manja awiri.

Buluku linagwa mpaka m'mapazi.

Enala, tayang'ana uko. Inde, choncho.

Odwala ena anaseka. Wina wa yunifolomu anaseka. Ine ndinaima pamenepo, wowerenga Mau wa ku Kasanda, mutu wampala, mate pachibwano, pamaso pa mayi amene sanayenere kuona ngakhale bondo langa. Ndinapempha Mulungu kuti nthaka ing'ambike. N'chifukwa chake mumandiseka ine agogo anu kuti ba shikulu amamanga lamba ngakhale pa kabudula wogonera. Tsopano mwadziwa.

Apongozi anatembenuzira nkhope kumtengo. Anamasula duku kumutu kwawo, imvi zonse poyera, n'kulipereka chakumbuyo kwa mwana wawo. A Agatha anandikweza buluku n'kulimanga ndi dukulo. Ndinakhala pansi. Ndimayembekeza kuti anyamuka azipita, akauze abale kuti mwana wawo abwerere kumudzi, ukwati watha. Akanatero palibe akanawadzudzula.

Koma anasendera pafupi, nkhope ikadali kumbali, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni analankhula ndi ine popanda wapakati.

"Atate ake a Luka," anatero, "za inu ndamva kwa a Simoni. Ndamva kwa mwana wangayu. Ndamva kwa anthu a m'basi amene sakudziwani n'komwe. Kwa inu sindinamve. Tandiuzani, muno munalowamo bwanji?"

Lilime linkakana. Liwu limodzi linkatenga nthawi yoti munthu n'kusenda chinangwa. A Agatha anafuna kundithandiza kumaliza, apongozi anawagwira bondo. "Leka. Kamwa ndi lawo." Anadikira. Ndinafotokoza za jekete, za Simoni, za mafunso a dokotala limodzi ndi limodzi, ndi mmene ndinayankhira.

"Imani kaye," anatero apongozi. "Mau ake ati?"

"Mau... a Mulungu."

"A m'buku lija mumawerenga kutchalitchi?"

"Omwewo."

"Nanga m'makutu mwanumu, pakakhala palibe munthu, mumalankhula wina?"

"Iyayi, amayi. Muli zii. Ngakhale Luka ndimafuna nditamumva, koma samveka."

A Agatha anayamba kuseka, kuseka kuja kunasanduka kulira, mpaka anagona chafufumimba pafumbi. Apongozi anangoti, "Hmm. Chinyanja cha m'tauni."

Musaganize kuti chitseko chinatseguka tsiku lomwelo. A Agatha atapita kukafotokoza anauzidwa kuti dokota alibe nthawi, ndiponso kuti odwala onse amati sakudwala. Simoni anati tisavute anthu ophunzira, tingaoneke ngati otsutsa boma. Apongozi sanakangane ndi munthu. M'mawa uliwonse ankayenda wapansi kuchoka ku Kasanda, n'kukhala pakhomo pa ofesi ya dokotayo, miyendo atatambasula, akusenda nsawawa m'chitenje. Akawauza kuti achoke ankasuntha pang'ono. Akawafunsa chimene akufuna ankati, "Mukawafunsenso akamwini anga. Funso lija silinafike." Tsiku lina dokota anatopa kuwalumpha miyendo.

Anandiitana. Ulendo uno womasulira anali sisita wina, namwino wa kwathu kum'mawa, ndipo a Agatha analoledwa kulowa. Sisitayo anafunsa m'Chinyanja cha kumudzi, pang'onopang'ono, ndipo ndikayankha ankabwereza yankho langa kuti ndivomereze ngati wamva bwino. Atamasulira za Mau, dokota anavula magalasi n'kugwira pamphumi nthawi yaitali. Sanali munthu woipa. Womasulira woyamba uja nayenso sanali woipa, ananena chimene anamva. Dokota anapepesa. Kenako anandiuza kuti ndikudwaladi, koma matenda a chisoni chozama, kuti ali ndi mankhwala ake ena, anatchula dzina lake, n'kunena kuti adzandiumitsa kukamwa masiku oyamba. Ndiye anafunsa ngati ndikuvomera kuwayesa.

Ndinacheuka kuona ngati akufunsa wina kumbuyo kwanga.

Pambuyo pake anati ndimuuze za mwana. Palibe anali atandifunsa za Luka chimwalirireni, onse ankaopa. Ndinalira m'ofesi muja maliro onse amene sindinalire kumanda, ndipo dokota sanaitane wa jakisoni. Anangondisunthira mpando pafupi ndi a Agatha. Ndinakhalamo m'chipatala kanthawi ndithu, koma tsopano ndikudziwa chimene ndikumwa ndi chifukwa chake. Anandibwezera korona ndi lamba. Tulo tinabwerera, nshima inayambanso kukoma. Chipatala chomwecho chimene chinandivula ndi chimene chinandichiritsa, pamene chinayamba kundifunsa. Mnzanga wa kunjanji uja ndinam'siya momwemo. Iye analibe womukhalira pakhomo.

Kunyumba nkhani inali itafika kale. Ana a ku Kasanda ankandithamangira kumbuyo kwa njinga akufuula kuti ofunta, ofunta, kutanthauza wamisala. Kumgodi anandichotsa pansi n'kundipatsa tsache. Kutchalitchi palibe anandiletsa kuwerenga, ankangoti sabata ino awerenga ena, sabata yamawanso ena, mpaka mvula inagwa n'kutha kangapo. Nditaimanso kutsogolo, ndinkaona amayi akugwirana zigongono. Atabadwa atate anu tinasamukira kuno ku Ngungu, ndipo ine ndi a Agatha tinagwirizana kuti nkhaniyi isalowe m'nyumba yatsopano. Apongozi anabwerera ku Petauke, ndipo mwambo unabwerera m'malo mwake. Mpaka kumwalira kwawo sitinalankhulanenso maso ndi maso. Ndikawaona ndinkapatukirabe kutchire, koma tsopano ndinkagwada nthawi yaitali kuposa kale.

Masiku ano ndimamva pawailesi akunena kuti wodwala maganizo ali ndi ufulu wake. Ati auzidwe matenda ake m'chilankhulo chimene akumva, adziwe mankhwala amene akupatsidwa, afunsidwe asanam'chite kanthu, zinsinsi zake zisungidwe, asamangidwe ngati mbuzi. Ndikamva ndimati amen. Koma ine amene anayamba kundilanda kamwa sanali dokota. Anali mbale wanga wa bere limodzi, wondikonda, amene anati vala tipite ku ofesi. Chiyambireni tsiku limenelo Simoni akanena kuti kunja kukugwa mvula, ndinkayamba ndasuzumira. Mukufuna Dalitso azikusuzumirirani choncho moyo wake wonse, chifukwa cha nsapato?

Ukuti chiyani, Enala? Lankhula mokweza.

"Nanga akakana kupita, ba shikulu?"

Funso labwino. Akakana, tim'funsa chimene akuopa, ndipo tidikira yankho ngakhale lichedwe. Tikaona kuti moyo wake uli pangozi, tidzam'tenga ndithu, koma tikumuuza zoona, kuti tikupita kwakuti chifukwa chakuti. Ndipo tikafika, dokota akafunsa, inu mudzatseke pakamwa. Mudzalankhule akakufunsani inuyo. Mnyamatayo amaganiza m'Chingerezi, amalota m'Chibemba, amatukwana m'Chinyanja, ndiye asankhe yekha chimene akufuna kufotokozera ululu wake. Funso akapanda kulimvetsa anene kuti bwerezani. Asankhenso amene alowe naye. Mwina sasankha ine, mwina sasankha aliyense wa inu, ndipo musakwiye.

Nkhani yangayi musam'fotokozere. Ndikamuuza ndekha, yonse, ndi ya buluku yomwe. Akhale woyamba m'banja lino kudwala matendawa akudziwa kuti si woyamba.

Tandigwira dzanja, Enala, ndiimirire, mawondowa ndi a m'nthawi ya sitima za malasha. Inu khalani pompano, musanditsatire. Ndikukaodira pachitseko chake, ndipo sindilowa mpaka atayankha.